Chimphona Chimene Chinadziyesa Golide

Khasu la mwini silichoka pakhomo la wosula popanda mwiniyo kudziwa. Komatu Kadzamira, mwana woyamba wa wosula zitsulo, mlesi wonyadira manja ake osalala, anatola makasu onse amene anthu anabweretsa kudzanoletsa mvula itayandikira, napita nawo kuphiri. Kumeneko kunali chimphona cha mitu itatu yonyezimira, chimene chinkadzitama kuti chimasandutsa chitsulo kukhala golide. Chinalanda makasuwo, ndipo Kadzamira chinamumangirira pamvukuto kuti azipemerera ng'anjo yake.

Mvula inagwa, minda inamera udzu, njala inayamba kusuzumira. Pamenepo Nanyoni, mlongo wake wamng'ono wa Kadzamira, amene ankasonkhera atate ake moto popanda womuyamika, anatenga nyundo yakale nanyamuka.

Panjira nyundoyo inalankhula: "Mwanawe, ndasula zaka makumi anayi. Chitsulo chimakhala khasu, mkuwa umakhala chigwinjiri, koma golide sindinamuonepo akutuluka mwa zimenezi. Chimphonacho ukachiyese ndi moto."

Nanyoni atafika, chimphona chinaseka. "Kamtsikana kaphulusa iwe, taona mitu yangayi! Uwu unali mtovu, uwu mkuwa, uwu chitsulo. Tanena, lero ndi chiyani? Ukalephera ndikudya."

"Pepani akuluakulu, maso anga ngakumudzi," anayankha Nanyoni. "Ndimangodziwa kuti golide akalowa m'moto sada. Ilowetseni mung'anjomo, kapena mukuopa?"

Wonama akanama nthawi yaitali amayamba kudzikhulupirira yekha. Chimphonacho chinapisa mitu yonse m'moto.

"Achimwene, pemererani!" anafuula Nanyoni. "Kamodzi kokha m'moyo wanu, gwirani ntchito!"

Kadzamira anapemerera mwamphamvu, ndipo utoto wachikasu umene unapakidwa pamituyo unapsa n'kusupuka. Mutu wa mtovu unasungunuka n'kudontha ngati phula. Wa mkuwa unada bii, nusweka. Wa chitsulo unafiira psuu, ndipo Nanyoni anauponda ndi nyundo mpaka unaphwatalala. Chimphona chinagwa, osadzukanso.

Nanyoni anamasula mchimwene wake ndipo anabwerera kwawo, Kadzamira atasenza makasu onse, akadali achitsulo monga anapitira. Amayi analulutira Nanyoni, ndipo atate ake anamupatsa nyundo ija kuti ikhale yake. Kadzamira anatula katunduyo pamaso pa eni ake, nagwada.

"Amene anaba makasu anu ndine, palibe anandituma. Ndinafuna golide chifukwa ndinkaopa thukuta, ndipo ana anu akadafa ndi njala chifukwa cha ine. Ndibwerekeni khasu limodzi ndikalime minda yanu. Koma wina ayambe wandisonyeza kagwiridwe kake."