Nkumbakumba ndi Chitseko cha Njiri

Nkumbakumba anali mayi wodziwa kukumba mauna, ndipo ankawachititsa lendi kwa nyama zinzake za m'dambo. Mu una wabwino koposa, wa pansi pa mkuyu, munkakhala Njiri ndi ana ake anayi obadwa kumene. Fisi atauona una umenewu anaukhumbira mpaka kukha dovu.

Fisi sanapite kwa mwini wake. Anadzera kwa Nyani, ejenti amene ankapezera Nkumbakumba ofuna lendi. Nyaniyu pakamwa pake panali ponyowa nthawi zonse, moti tsiku lomwelo anafika kwa Nkumbakumba akumwetulira.

"Mayi landilodi, a Fisi akufuna una wa pamkuyu uja," anatero Nyani. "Akuti lendi muchite kutchula nokha. A Njiri atuluke mawa."

"Mawa?" anafunsa Nkumbakumba. "A Njiri polowa tinagwirizana pamaso pa a Fulu, mboni yathu, kuti wofuna kuthetsa pangano apereke notisi ya miyezi itatu. Ndiponso sanandilakwire kanthu."

"Aaa, mayi, kodi simudziwa mmene anzanu amachitira? Amangozula chitseko basi! Mphepo ikamuwomba masiku awiri, walendi amalongedza yekha."

"Anzanga amenewo si ine. Ndati ayi."

Koma Nyani anali atalonjeza kale kwa Fisi. Kutacha, Nkumbakumba ali kokumba tsidya la dambo, Nyaniyo anakazula chitseko cha Njiri n'kukachibisa kuthengo. Masana kunagwa chimvula cha mu Januwale, chija chobwera chopingasa ndi mphepo.

Nkumbakumba pobwerera anadzera pamkuyu, ndipo zimene anaona zinamubaya mtima. Njiri anali ataima pakhomo, akutchinga mvula ndi thupi lake. Madzi ankalowabe m'mbali, ndipo kumbuyo kwake tiana tija tinkanjenjemera titaunjikana m'matope.

"Mayi landilodi, ndakulakwirani chiyani?" analira Njiri. "A Nyani akuti mwawatuma ndinu. Mukanangodikira kuti ana angawa alimbe miyendo."

Manyazi ndi mkwiyo zinamugwira pamodzi Nkumbakumba. Sanataye nthawi ndi kudzikanira. Anathamangira kwawo, nazula chitseko cha pa una wake womwe, n'kuchibereka kumsana mvula ili mkati. Nyama zimene zinausa pansi pa mitengo zinangoti kukamwa yasa, poona mwini mauna onse aja akupalasa matope ndi chitseko kumsana.

Atafika anachikhoma pakhomo pa Njiri. Kenako ndi zikhadabo zake anakumba ngalande yozungulira, madzi onse n'kuphwa. Kwake kunatsala pululu, mvula ikulowa mmene ikufunira, koma iye analibe nazo ntchito.

Mvula itakata anaitanitsa Nyani pamaso pa Fulu ndi nyama zonse. "Una uwu ndi wanga," anatero mokweza, "koma malinga a Njiri akusunga pangano, pakhomo pano ndi pawo. Ngakhale ine mwini sindilowa osaodira. Inu a Nyani, katengeni chitseko chija, ndipo ntchito yanu yatha lero."

Nyani anabwera nacho atachisenza pamutu, nyama zikumukuwiza njira yonse. Fisi anazemba mwakachetechete, osatsanzika ngakhale kwa ejenti wake.

Kamwana kamodzi ka Njiri kanatsokomola sabata yathunthu, ndipo Nkumbakumba ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa mmene kagonera. Tsiku lina atafika n'kuodira, chitseko chinatseguka. Anatuluka Njiri, pambuyo pake tiana tonse tinayi tili ndondondo, timichira tili njo m'mwamba. Nkumbakumba anatiyang'ana mpaka tinalowa m'udzu, ndipo anabwerera kokumba akuyenda monyadira.

Phunziro: Nyumba ndi ya mwini, koma amene akukhalamo ali ndi ufulu wake. Pofuna kumutulutsa tsatani pangano, mupatseni notisi yokwanira, osati kumuzulira chitseko. Ndipo amene mwamutuma akalakwa m'dzina lanu, wokonza ndinu.