Unyolo wa Pamjigo

Imvani zomwe zachitika kwathu! A Kapalamula, eni malo aja amene anamanga mjigo ndi unyolo kuti anthu asamatungepo madzi, anapita kwa Mbedza wosula makasu.

"Chitsulo chako chosulirapochi chikundiboola makutu. Chikaliranso mawa, usamuke."

"Mankhwala ake n'kuchikulunga ndi unyolo wolemera, bwana," anatero Mbedza. "Koma amphawife tiutenga kuti?"

Bwanawo anakamasula wa pamjigo uja, n'kubwera nawo okha. Mbedza anakulunga chitsulocho, n'kuwotcherera nsonga za unyolowo. Kulira kuja kunatheratu.

M'mawa mwake amayi anadzaza pamjigo, pafupi ndi zenera la bwana, zidebe zili phokoso, kuseka osati masewera.

"Iwe Mbedza, bweza unyolo wanga!"

"Ndiudule kuti chitsulo chiyambenso kulira? Ayi bwana, ine makutu anu ndimawalemekeza kwambiri."