Nsomba ya M'phiri

Kalekale, njinga zisanadziwe njira ya kuno, kuphiri kwathu kuno kunali munthu wosema mphero, dzina lake Mulinde. Mphamvu zake, eee! Akayetsemula, mbuzi za kutsidya zinkagwa chagada.

Mulinde anakonda Esinala, namwali wa kunyanja. Koma malume ake a Esinala, a Makwinja, msodzi wamatama, anakana.

"Wakuphiri? Anthu osamba ndi chikho aja? Iwe, kandigwirire nsomba m'phiri lakolo. Mwezi uno ukatha ulibe, Esinala ndimpereka kwa mwini ngalawa."

"Ndamva, malume."

Anafuna m'zitsime. Achule okhaokha. Anafuna m'makhwawa. Nkhanu zokhazokha. Anafuna, anafuna, mwezi nkumatha.

Tsiku lomaliza mtima unamuwawa. Anatenga nyundo namenya thanthwe. Phwaa! Linang'ambika pakati ngati papaya. M'katimo, nsomba! Nsomba yamwala. Mutu ulipo, minga ilipo, mchira ulipo. Kutalika kwake, kuchokera pano mpaka kuchigayo. Ndikunama ine?

Anaisenza pamutu, ulendo wa kunyanja.

A Makwinja anaizungulira. Anainunkhiza. Anailuma, dzino nkuguluka.

"Nsomba yanji yosanunkha? Wasema wekha, kathyali iwe!"

Anthu anaseka. Esinala anagwetsa nkhope.

Tsono pagombepo panali Mayi Chalera, a kunyumba yosungirako zinthu zakale. Ankayeza matope kuti adziwe chimene madzi ankathawira chaka ndi chaka. Atamva phokoso, anabwera.

Anagwada. Anapukuta mwalawo ndi kaburashi. Anasuzumira pagalasi lokulitsa zinthu. Anawerenga minga, kuwerenga, kuwerenga, mpaka dzuwa linatopa nkukhala pansi.

"Bambo, palibe tchizulo yosema minga yoonda chonchi. Iyi inali yamoyo, inkasambira."

"Kusambira kuti? M'fumbi?"

"M'madzi. Anthu asanakhaleko, kwawo kwa mkuluyu kunali pansi pa madzi akuya. Madzi amasamuka, bambo. Si awa akukuthawani nanunso?"



Mulinde anakhosomola, ngalawa zitatu nkutembenuka.

"Mwamva, malume? Madzi mukunyadirawa ndi otsala athu. Ife tinasamba kale, tinakutayirani kumunsi kuno."

A Makwinja anayang'ana nyanja, nayang'ana phiri, atagwira tsaya.

"Tenga mkazi, mkamwini. Koma za madzi otsalazo usakanene paukwati."

Anakanena! Katatu konse, ataimirira pampando.

Nsomba ija Mayi Chalera anaipempha kuti anthu azikaiona, ophunzira azikaiyeza. Galimoto yoinyamula inaphulika matayala onse, ina yachiwiri chimodzimodzi. Mulinde anati, "Patukani," naisenza yekha mpaka kutauni, nabwerera phala lisanazizire.

Ndiye inu, musamanyoze munthu wa pouma. Madzi ndi mlendo, alibe kwawo. Lero agona kwa iwe, mawa alawira.

Basi, yanga nthano yathera pomwepo.