Mipando Yobisidwa M'khola la Mbuzi

Panali munthu wina woluka mipando ya nsungwi, amene nyumba yake inali m'mbali mwa msewu waukulu. Lusoli analitola kwa bambo ake. Ankakhoma miyendo ya bulugama, n'kung'amba nsungwi timizere tosalala, n'kuluka kumsana ndi pokhalira mpaka mpando kuima bwinobwino. Amalonda ankabwera ndi malole kudzatenga mipandoyo. Kumene inkapita iye sankafunsa. Ankangoti ndi ntchito ya amphawi, yopezera mchere ndi sopo.

Munthuyu anali ndi mwana wamkazi dzina lake Tawina. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tawina anapita kukaphunzira kudziko lakutali, ndipo kumeneko anapeza mnyamata wofuna kumanga naye banja. Uthenga unafika kuti akuchimuna akubwera kudzaonekera, motsogozedwa ndi nkhalamba ina, malume ake a mnyamatayo.

Woluka mipando uja anagwidwa ndi manyazi. Anayang'ana manja ake odzaza zipsera za mpeni, n'kunena kuti anthu okwera ndege sangakhale pa nsungwi. Inu khalidwe lathu mukulidziwa: mlendo akafika timabisa thobwa kuseri kwa chitseko, n'kuthamangira kugolosale kukagula chakumwa cha m'botolo. Ndiye iye anatuta mipando yake yonse, yotha ndi yosatha yomwe, n'kukaiunjika m'khola la mbuzi. Anasesa pabwalo kuti pasaoneke ngakhale kachidutswa ka nsungwi. Anakabwereka mipando ya pulasitiki kutchalitchi, ija imatangadza miyendo ikaombedwa ndi dzuwa. Kenako analangiza mlamu wake, malume a Tawina, amene anali nkhoswe, kuti akafunsidwa anene kuti bambo a mwana ndi a bizinesi.

Tsiku linakwana. Alendo anafika pamodzi ndi mnyamatayo ndi Tawina, ndipo anakhazikidwa pa mipando yobwereka ija, pansi pa mtengo wa mango. Mwa mwambo, bambo a mtsikana salankhula pa nkhani zotere, choncho munthu uja anakhala patali, pakhonde, atavala jekete lobwerekanso. Popeza panalibe wina wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri, womasulira anali Tawina yemweyo.

Atatha malonje, nkhalamba ija inafunsa ntchito imene bambo a mtsikana amagwira. Nkhoswe inayankha monga inalangizidwira. Tawina anamasulira atazyolika. Nkhalambayo inayang'ana pabwalo ponse, inayang'ana pakhonde, inayang'ana mpando umene inakhalapo. Kenako inalankhula mofatsa, ndipo mtsikanayo anayenera kutembenuza yekha mawu omuweruza.

"Akuti m'nyumba mwawo muli mpando umodzi wa nsungwi wochokera kuno, ndipo amakhazikapo mlendo wolemekezeka yekha. Akuti ine nditauona ndinawauza kuti bambo anga amaluka yotere, ndipo abale awo onse ananyadira. Akuti tsopano aona kuti ndinawanamiza. Akuti umphawi sauopa, koma mkazi wabodza sangamulowetse m'banja lawo."

Nkhalamba ija inatola chipewa chake. Mnyamata uja anayang'ana pansi.

Munthu uja pakhonde anamva zonse, ndipo mtima unamupweteka kwambiri. Chimene iye ankachita nacho manyazi pakhomo pake, mwana wake ankachinyadira pakati pa anthu achilendo. Anadzuka osapempha mwayi kwa aliyense. Anadutsa pamaso pa alendo n'kukatsegula khola. Mbuzi zinatuluka zili balala. Iye anatuluka atasenza mpando pamutu, uli ndi ndowe za mbuzi m'miyendo. Anavula jekete la eni ake lija n'kuupukuta nalo, n'kuuika patsogolo pa nkhalambayo. Mwambo anauphwanya, pakuti analankhula.

"Mwana wanga, auze kuti wabodza ndine. Iwe unanena zoona. Ntchito yanga ndi iyi, ndipo manja ake ndi awa."

Nkhalamba ija inaika chipewa pansi. Inayendetsa zala zake pa nsungwi zolukazo, kuyambira kumsana mpaka pokhalira. Inagwira manja a munthu uja n'kuyang'ana zipsera zija nthawi yaitali. Koma pampando inakana kukhala. Inalankhula mawu ochepa, ndipo ulendo uno Tawina anamasulira atadzutsa mutu.

"Akuti kwawo wamng'ono sakhala pansi wamkulu ali chilili. Akuti mukhalepo ndinu, bambo."

Munthu uja anakhalapo. Mipando ina yonse inatulutsidwa m'khola, ndipo nkhani ya ukwati inayambira pamenepo.

Tsono inu ana anga, dziko lathu lino si lopemphapempha ayi, nalonso lapatsa anthu a kunja zambiri. Mipando yolukidwa m'mbali mwa misewu yathuyi ili m'nyumba za anthu amene sanapondeko kuno. Tiyi wa ku Thyolo amamwedwa ndi anthu amene dzina loti Thyolo sangathe n'kulitchula komwe. Ena amawoloka nyanja kudzangomva kulira kwa ng'oma zathu ndi kuona magule athu, ife eni ake tikuziyesa zachikale. Ine zimenezi ndimazinyadira, ndipo sindibisa.

Musadikire kuti mlendo adzakuuzeni mtengo wa chinthu chanu. Wina akakufunsani chimene kwanu mumapanga, yankhani mokweza. Kwinakwake kutali kuli mwana wa kwathu amene wanena kale za inu monyadira. Musamusandutse wabodza.