Makapeti Asanu ndi Atatu a Haji Sudin

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ali moyo adali pabedi m'chipatala mumzinda wa Kuantan, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno, foni ya ntchito ili pachifuwa. Foniyo italira, adandikodola kuti ndiwawerengere. Idali imelo ya mayi wina wofunsa mtengo wochapira kapeti wa pabalaza.

"Usamuuze mtengo," adatero ndi mawu osasa. "Mufunse kaye."

Mawu omaliza amene bambo adandisiyira ndi amenewo, ndipo sankanena za ine n'komwe.

Moyo wawo wonse bambo sadatchulepo mtengo asadafunse kuti kapetiyo ali kuti, ndi wamkulu bwanji, ndipo akufunika liti. Atatisiya, ine ndidasiya koleji kuti ndizithandiza pakhomo, koma foni ndi makiyi a galimoto zidapita kwa achimwene anga a Fauzan. Iwo ankati masiku ano munthu amatumiza imelo imodzi kwa ochapa khumi, ndipo woyamba kutchula mtengo ndiye amadya.

Ramadani itayandikira, mvumbi uli pakati, kudabwera imelo yaifupi yochokera kwa munthu wodzitcha Sudin. Adati ali ndi makapeti asanu ndi atatu, akufuna mtengo wake. Adaikapo chithunzi cha kangodya ka kapeti wofiira, basi.

Ndidawapempha achimwene kuti tifunse kaye kukula kwake. Adaseka osakweza ndi mutu womwe.

"Iwe mafunso adakukanika kukoleji, ndiye ukufuna uziwafunsa makasitomala anga?"

Adalemba mtengo wa makapeti a m'nyumba, n'kuwonjezera kuti akhala atauma mwezi wa Ramadani usadaoneke. Tisadamalize kumwa tiyi, yankho lidafika lovomera, pamodzi ndi malo oti tikawatenge.

Malowo adali mzikiti wa kumudzi kwa bambo, kutsidya kwa mtsinje, komwe manda awo ali kuseri kwa mpanda. Kumzikiti kapeti mmodzi ndi mzere wathunthu wa anthu oswali, kuchokera kukhoma ili kukafika kukhoma linalo. Tidaima pakhomo nsapato zili m'manja, tikuyang'ana chipinda chonse chofiira ngati munda wa tsabola.

Haji Sudin, mlembi watsopano wa komiti ya mzikitiwo, adationa nkhope zitagwa. Adanena mwaulemu kuti mtengo wathu udawadabwitsa, koma komiti idaganiza kuti ana a malemu Ramli akupereka sadaka m'dzina la bambo awo. Adati ngati ntchito yatichulukira tinene, palibe amene angatiseke. Ine ndidawanong'oneza achimwene kuti titenge mizere inayi yokha, inayo tidzachape Ramadani ikatha.

"Mwana wa Ramli sabweza mawu, a Haji," adatero a Fauzan mokweza. "Onse akwere."

Kuchapa sikudavute. Chidavuta ndi kuumitsa. Shedi yathu bambo adaimangira makapeti a m'nyumba, ndipo mizere italiitali ija tidachita kuipinda pamipiringidzo, wina pamwamba pa mnzake. Dzuwa lidakana kutuluka. Tidabwereka mafani kwa aneba onse mpaka magetsi ankangothima. Achimwene ankapisa dzanja m'mapindo m'mawa ndi madzulo, n'kulipukuta pathalauza. Mayi adawauza kuti amuimbire Haji Sudin, amuuze zoona, anthu ayambe aswalira pamikeka. Achimwene adati mawa kutuluka dzuwa.

Mwezi udaoneka dzuwa lisadatuluke. Tidakayala makapeti aja pamwamba pali pouma, pansi pakadali chinyontho, achimwene n'kuwazapo mafuta onunkhira a maluwa.

Kapeti wa pabalaza amapondedwa ndi mapazi. Wa mumzikiti mudzi wonse umaikapo mphumi ndi mphuno. Pa swala yoyamba ya Ramadani mzikiti udadzaza mpaka pakhonde. Titagwetsa nkhope pansi, fungo la chuku lidatulukira pansi pa maluwa aja. Wina adatsokomola kutsogolo, wina kumbuyo, kenaka mzere wonse. Anthu ankadzuka mawondo atanyowa.

Potuluka, mkulu wina amene adakula ndi bambo adawagwira achimwene paphewa.

"Fauzan, bambo ako ankatitopetsa ndi mafunso," adatero mofatsa, "koma sitidaswalirepo padambo."

Pasadathe sabata nguwi idamera kunsi kwa mizere yonse. Komiti sidatikalipire, ndipo ndicho chidapweteka kwambiri. Idangoti makapeti agulidwe ena. Kuti tilipire atsopanowo, tidagulitsa makina ochapira, kenaka galimoto. Maimelo sadasiye kubwera, koma tidalibenso chochapira.

Achimwene anga si munthu woipa. Ankafuna kuonetsa kuti akhoza kunyamula zomwe bambo adasiya, ndipo ankaona ngati kufunsa n'kuvomera kuti sakudziwa. Pano amakwera basi kupita kuntchito kudoko, ndipo basiyo ikamadutsa pamzikiti paja amayang'ana kumbali inayo. Ine ndimapitabe kumanda. Mayi adanena kamodzi kokha, akupukuta fumbi pafoni ya bambo, kuti safunsa adadya phula.

Chikwangwani cha bizinesi yathu cholembedwa kuti Ramli ndi Ana tidachitsitsa pa 19 Epulo 2025.