Mkamwini Amene Anagubuduza Miyala ya Anankalizi

Kalekale, ana inu, pamudzi wina wa pamwamba pa phiri panafika mkamwini, dzina lake Kamtedza. Kwawo kunali kudambo, kumene munda sukhala ndi kamwala komwe. Mkazi wake Nankhoma atabereka mwana wamwamuna n'kulowa m'chikuta, Kamtedza anati, "Lero apongozi aone kuti sanatole mlesi."

Anapita kumunda kwa apongozi akewo, aNangondo. Atauona anagwira pakamwa. "Ha! Munda kapena manda? Miyala yokhayokha!"

Anayamba kugubuduza. Akatembenuza mwala, pansi pake nankalizi wofiirira, miyendo balalabalala kuthawa dzuwa. Pajatu nankalizi wa kuphiri amakhala pachinyontho, pansi pa mwala, ndipo dzuwa likamuomba amauma ngati kaudzu. Kamtedza analibe nazo ntchito. Mwala gubudu! Mpaka kumtsinje.

ANangondo atamva mkokomo anathamangira kumunda. Koma mwambo mukuudziwa, mkamwini saonana maso ndi apongozi. Kamtedza atangoona nsalu yawo, khasu pansi, liwiro la kutchire!

"Bambo, taimani!" anafuula aNangondo.

Iye ali m'thengo ankangomwetulira. "Apongozi angawa ndi achifundo, akufuna ndipume." Mayi aja atabwerera, mwala gubudu! Anabweranso mayi aja. Iye anathawanso. Mwala gubudu! Ulemu anali nawo wosefukira mnyamatayu, nzeru zokha ndizo zinatsalira kudambo.

Dzuwa lili paliwombo, munda unali mbee ngati bwalo. Pomwepo kumudzi kunamveka mfuu ya Nankhoma. "Mayo ine! Mwana wanga!"

Kamtedza anathamanga, n'kusuzumira pakhomo pa chikuta. Pansi ponse pankayenda! Anankalizi pansi pa mtsuko, anankalizi m'zipupa, anankalizi pamphasa kuzinga khanda. Wamkulu kuposa onse anali atadzipinda pamutu pa mwanayo, paliwombo penipeni.

Nankalizi wamkuluyo analankhula. "Mkamwini, watipasulira nyumba. Ana athu auma padzuwa. Tabwera kudzagona ndi wako."

ANangondo anatulukira. Kamtedza anatembenuka kuti athawe, koma mayi aja anamugwira pamkono gwi! N'kumuyang'ana m'maso. Anthu anaphimba nkhope. "Kalanga ife, apongozi kugwira mkamwini!"

"Lero simuthawa, bambo," anatero aNangondo. "Ulemu wanuwu undiphera mdzukulu. Kabwezeni miyala!"

Kamtedza anatsika kumtsinje, nasenza, nakwera. Akaika mwala pamalo pake, anankalizi ena ankatuluka m'chikuta. Anatsika, nasenza, nakwera. Mapewa anasupuka, mapazi anang'ambika. Potsiriza m'nyumba munatsala mmodzi yekha, wa paliwombo uja.

"Mwala wanga unali wathyathyathya," anatero nankalizi. "Wina sindiufuna."

Kamtedza anaupeza mwalawo kumtsinje utasweka zidutswazidutswa. Anabwerera chimanjamanja, nakhala pansi, nalira ngati mwana. Nankhoma m'chikutamo ankaopa ngakhale kupuma.

ANangondo analowa m'nyumba mwawo. Anatuluka akukhwekhwereza mphero yawo, imene anawasiyira malemu mayi awo, yosalala ndi mawere a mibadwo.

"Iyi bwanji?" anafunsa.

Nankalizi anadzutsa mutu. "Imeneyo ndigonamo."

"Senzani, bambo."

Anayenda njira imodzi, mpongozi ndi mkamwini, mudzi wonse uli kukamwa yasa. Atavundikira mphero pachinyontho, nankalizi uja anatsika pang'onopang'ono, kudutsa pakhutu la mwana, kudutsa pakhosi, n'kutuluka pakhomo. Mwana anayetsemula, ndipo Nankhoma anamukumbatira akulira.

Kuyambira tsiku limenelo aNangondo ankapera mawere pamphero zobwereka mpaka imfa yawo, ndipo sanadandaulepo. Koma akaitana kuti, "Bambo, taimani!" Kamtedza ankaima nji, ngakhale pamwamba pa linthumbu.

Ndiye inu okonda kutembenuza miyala kuphiri, iwe amene ukuseka apowe, mukapeza mphero yovundikira muisiye, ili ndi mwini wake.

Yathera pamenepa nthano yanga, ikagone pansi pa mwala. Ulemu wothawa mawu a akulu ndi tsoka.