Nsanza Zofiira M'munda wa Adalaivala

Adalaivala anasiya kuyendetsa magalimoto a katundu imvi zitayamba kutuluka, koma dzinalo linawakanirira ngati chisoso pa buluku. Thukuta la pamsewu analisandutsa munda wa malalanje, ndipo kuseri kwa nyumba anamanga nazale. M'machubu akuda munali mbande za mandimu zodikira kumezanitsidwa ndi nthambi za malalanje, pakuti mbande zomezanitsazo ndizo zinkadyetsa banja lawo. Munthu wake anali wodziwa kulima, wodziwanso kudzitama. "Ine ndadutsa malire ambiri," ankatero. "Wakuba ndimamumva fungo asanatsokomole."

Tsiku lina kunabwera mayi wina wophunzitsa zamitengo pa koleji yoyandikana nawo. Anapempha kuti ophunzira ake azidzaphunzirira m'mundamo.

"Za ulele, mayi?" anafunsa Adalaivala, diso lili pa chikwama cha mlendoyo.

"Za ulele, bambo. Chimene tipeze tidzakuuzani."

Anavomera, koma ankawatsata pambuyo ngati mthunzi. Anawaona akufikisa masamba m'manja n'kununkhiza kuti asiyanitse ndimu, lalanje ndi nachesi. Anawaona akusisita makungwa, akutembenuza tsamba, akuliyang'ana padzuwa, akunong'onezana. Kunong'onezanako ndiko kunawasowetsa mtendere. Kenako ophunzirawo anayamba kumanga nsanza zofiira pa mitengo ina, ndipo mitengo yake inali ikuluikulu, yakale, ija inkathyoka nthambi ndi zipatso.

"Nsanzazi n'zachiyani?"

Mphunzitsi uja anathyola tsamba n'kuwaonetsa. "Taonani, bambo, chikasuchi chili mawangamawanga, mbali iyi siikufanana ndi inayi. Njala ya feteleza siioneka chonchi. Awa ndi matenda, ndipo alowa kale m'kati mwa mtengo. Mitengo yansanzayi musatengeko nthambi zomezanitsira. Kukanakhala kwa ine, bwenzi mutaidula."

Adalaivala anaseka chakukhosi. Alendowo atapita, anakapeza mkazi wawo akuthirira mbande.

"Mayi a ana, mwaiona mbava yovala magalasi? Mtengo wonse wobiriwira, iwo aona masamba awiri okha. Ine ndagona m'madepoti. Katundu amene akufuna kumuba usiku amamuchonga masana, ndipo palibe amachonga katundu wowola. Akolejiwa akufuna kuyambitsa nazale yawo. Ndikadula mitengoyi, adzabwera kudzatola nthambi zanga zabwino."

"Nanga akadafuna kuba, akadakuuzani kuti mudule inu muli pomwepo?"

"Ndiye ukatswiri wakewo. Inu simunayende."

"Sindinayende, koma malalanje a mtengo wa kumpandawo ndinawalawa. Ayamba kuwawa, ndipo ena ndi opotoka."

"Lilime lanu ndilo lapotoka," anatero Adalaivala, akunola mpeni.

M'mawa mwake anakhoma geti, nauza ophunzirawo kuti akaphunzirire mitengo ya makolo awo. Ndipo pofuna kuti akuba apeze m'khola mulibe kanthu, anazungulira mitengo yonse yansanza zofiira n'kudula timphukira take. Mitengo yopanda nsanza sanaikhudze n'komwe. Ankati ngati akoleji sanaifune, ndiye kuti ndi yachabe. Anamezanitsa nazale yonse, chubu ndi chubu, akuimba mluzu. Dzanja lawo linali labwino, ndipo pafupifupi zonse zinagwira.

Kwa miyezi ingapo anayenda chifuwa chili patsogolo. Aliyense wodutsa ankaitanidwa kudzaona mbande zimene koleji inalephera kuba. Koma mvula itatha, masamba atsopano anayamba kutuluka ang'onoang'ono, oimirira ngati makutu a mbewa, ali ndi chikasu chamawangamawanga chija. Adalaivala anati wina wawathirira mankhwala oipa kudzera pampanda. Anathira feteleza, anapopera, anasintha dothi. Mbande zinangopinimbira. Mlimi wina amene anadzagula anatembenuza tsamba limodzi, nabweza chubu pansi mwaulemu, n'kunena kuti abweranso. Sanabwerenso, ndipo mbiri inayenda kuposa galimoto.

Tsiku lina masana Adalaivala anamva mawu kuseri kwa mpanda. Anasuzumira ali ndi chikwanje m'manja, poganiza kuti lero wawagwira. Anali mphunzitsi uja ndi ophunzira ake, ataima mumsewu, akuloza nazaleyo patali.

"Matenda aja amayenda ndi nthambi," ankatero mayiyo motsitsa mawu. "Ukamezanitsa kuchokera pa mtengo wodwala, mwana amabadwa ndi nthenda ya make."

Adalaivala anatembenuka. Anayang'ana mitengo yakale ija, nsanza zake zitasuluka ndi dzuwa. Nthambi zimene anazisiya zinali zikadali pomwepo, palibe anathyolako ngakhale imodzi, kungoti theka la masamba linali litayoyoka. Anaponya chikwanje pansi n'kukatsegula geti.

"Lowani, mayi. Kuonera patali kumawononga maso a ana."

Ophunzirawo analowa mwakachetechete. Mphunzitsi sanakumbutse za kale. Anangoti mbande zonse ziwotchedwe, mitengo yansanza idulidwe, ndipo yotsalayo aiyang'anenso bwino asanatengeko kanthu.

Madzulo utsi wa nazale unakwera pamwamba pa denga. Mkazi wawo anaima pambali pawo, manja ali kumbuyo.

"Abambo, wakuba uja mwamumva fungo?"

"Ndamumva," anayankha Adalaivala, akusonkhezera moto. "Amagona pa bedi langa, ndipo amavala nsapato zanga."

Amene amakuchenjeza amayamba wakupweteka pang'ono, n'chifukwa chake wokayika amamuyesa mdani. Adalaivala anadutsa malire ambiri, koma anaphunzirira pakhomo pawo penipeni, nazale ili phulusa, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.